Zala Zinayi pa Mkono Wake

Nthiti ziwili zakumanzele anandithyola alamu anga, achimwene ake aakulu a mkazi wanga, pa tsiku limene tinaika mkazi wangayo m'manda kumudzi kwawo, kuseli kwa Nyimba. Dzino langa lakutsogolo linatsala komweko m'matope. Papita zaka zitatu, koma mvula ikayandikila nthitizo zimandiuza mitambo isanade.

Ntchito yanga ndi ya zithunzi. Ndinaiphunzila kukoleji, ndipo ndili ndi kachipinda pafupi ndi msika wa ku Petauke momwe ndimajambula ofuna zitupa, ana omaliza sukulu ndi akwati. Kujambula kwenikweniko sikuchedwa. Chimene chimadya nthawi ndi kukonza chithunzi pa laputopu. Mu pulogalamu yokonzela zithunzi muli kabokosi, ndipo m'kabokosimo muli mzele wowongoka wochoka pansi kumanzele kukwela kumanja. Timautcha kevu. Kumunsi kwa mzelewo n'kwa zakuda za m'chithunzi, kumtunda n'kwa zoyela, ndipo chapakati ndi pamene pamakhala khungu la munthu. Ukagwila pakatipo n'kukankhila m'mwamba, nkhope imawala. Ukatsitsa kumunsi n'kukweza kumtunda, mzele umapindika ngati njoka yowoloka msewu, chakuda n'kudelatu, choyela n'kuyelelatu. Makamela ambili salidziwa khungu lathu. Amalisiya ngati makala pamene dilesi la mkwatibwi likuthobwa m'maso. Choncho tsiku lonse ndimakhala ndikupinda mzele umenewo pang'onopang'ono kuti anthu azidzizindikila.

Mkazi wanga ankakonda kukhala kumbuyo kwanga akuswa nshawa, n'kumaona zimene ndikuchita. "Mwamuyeletsa kwambili uyo," ankatelo. "Akafika kunyumba amuna ake azamufunsa chitupa."

Tinkakhala ku Kalindawalo, pa kamunda ka makolo anga amene anasamukila kuno kuchokela ku Katete. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zitatu, ndipo mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Loweluka lina m'nyengo yamvula anadzuka akudandaula mutu. Mapazi anali atatupa kwa masiku angapo, koma tonse tinkati ndi mmene pakati pamachitila. Chakumasana anagwa pakhomo, thupi lonse likugwedezeka, mano atalumana. Mnansi wathu anali ndi mthuthuthu, njinga yamoto. Tinamukhazika pakati, mnansiyo kutsogolo, ine kumbuyo, n'kumumangilila kwa ine ndi chitenje. Tili m'njila matendawo anamugwilanso. Anapendekela kumanja, chitenje chinamasuka, ndipo mkono wake unapita kugudumu lakumbuyo. Ndinaugwila ndi mphamvu zanga zonse, n'kumukokela pachifuwa panga. Sindinautaye mpaka pakhomo la chipatala. Kumeneko anandiuza kuti kunali kuthamanga kwa magazi kumene kumagwila azimayi apakati. Anamwalila dzuwa lisanalowe, pamodzi ndi mwana amene anali naye.

Thupi linagona masiku awili m'chipinda chosungila mitembo podikila abale. Amene anakalisambitsa ndi azimayi a kwawo, pamodzi ndi apongozi anga, amayi ake. Mng'ono wake wa mkazi wanga, mtsikana amene anali atangomaliza sekondale, anawanyamulila zovala. Zoti iye anajambula chithunzi mmenemo sindinazidziwe.

Amalume anga, amene analinso ankhoswe a ukwati wathu, anandilangiza tili m'galimoto yopita ku Nyimba. "Mwamuna wofedwa amakhala pansi, mutu n'kuweluzika. Akakutukwana, meza malovu. N'chisoni chimene chikukamba, si iwo." Ndinachita zomwezo. Ndinamva mawu ambili masiku amenewo ndipo sindinayankhe ngakhale limodzi.

Tikuchokela kumanda, alamu anga aakulu aja anaima pakati pa njila. Iwo amapha mbuzi n'kumagulitsa nyama yootcha m'mbali mwa msewu waukulu ku Nyimba, ndipo manja awo ndi a ntchito imeneyo. Anandiika foni pamaso.

"Ona nchito ya manja yako."

Ndinaona khosi, phewa ndi mkono, zonse zili ndi mabala akuda bii. Ndisanazindikile bwino kuti ndi mkazi wanga, mpini wa khasu limene anakumbila manda unandipeza pakamwa. Ndinagwa chagada. Wachiwili unatela m'nthiti, ndipo ndinamva kulila kwake m'kati mwanga ngati phesi louma la chimanga. Anabwela ena awili, asuweni awo, ndi nsapato. Wina anandigubuduza n'kundiponda pakhosi, kukanikizila nkhope yanga m'matope, moti ndinameza dothi ndi magazi. Azimayi a kwaya anasiya nyimbo pakati. Palibe anathamanga. Ndikukumbuka kuti ndinkayesetsa kubisa dzanja lamanja kunsi kwa mimba, poti ndi limene ndimagwilila ntchito. Amalume, munthu wa imvi, anadziponya pamwamba panga, ndipo mpini umodzi unawapeza pamsana anthuwo asanaleke.

"Mwana ni wa kwathu," anatelo alamu, akupumila m'mwamba. "Ukapondanso pano, tizakugoneka pambali pa uyo wamupha."

Mwana wanga anali kumsana kwa mayi wina chapatali. Sindidziwa zimene anaona.

Kwa anzathu Ansenga, mtundu wa mkazi wanga, monganso kwathu, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ake ali ndi mawu aakulu. Komabe bambo wopanda mlandu samulanda mwana. Ine anandilanda chifukwa cha chithunzi chija. Ndinafuna kupita kupolisi ndi nthiti zangazo, koma amalume anakana. "Ukamangitsa malume wa mwana, mwanayo wamutaya. Ufuna chiyani, mlandu kapena mwana?" Ndinati mwana.

Panapita milungu isanu ndi umodzi. Chithunzicho chinayenda m'mafoni kuchoka ku Nyimba mpaka kumsika kwathu. Anthu anasiya kubwela kudzajambulitsa. Mayi wina amene ndinajambula ukwati wa mwana wake analavula malovu pakhomo la kachipinda kanga, n'kupitilila. Tsiku lina munthu wosadziwika ananditumizila chithunzicho popanda mawu alionse.

Ndinatha masiku awili ndisanachitsegule pa laputopu. Nditatsegula, ndinadzikakamiza kuchiona monga ndimaonela cha kasitomala. Nsalu yoyela imene inali pansi pa phewa inalibe ulusi ngakhale umodzi, inangoti mbee ngati pepala. Tsitsi linali chibuma chimodzi chakuda. Kamela payokha sichita zimenezo m'chipinda. Panali munthu amene anakoka zakuda ndi zoyela mpaka kumapeto. Ndinayesa kuwongola ndi kevu, koma chimene chaphwanyidwa mpaka kuda bii sichibwelela. Chimangosanduka phulusa. Pankafunika chithunzi choyambilila, ndipo sindinadziwe kuti chili ndi yani.

Tsiku lina chakum'mawa ndinamva odi wamantha pakhomo. Anali mlamu wanga wamng'ono uja. Kale akabwela ankalowa osagogoda, n'kunditcha mwamuna wake, kufuna kuti ndimujambule ulele. Tsiku limeneli anaima panja mpaka ndinamuuza kuti alowe.

"Alamu, ndine ninajambula."

Ndinamupatsa mpando.

"Ninaona zakuda kukhosi kwa asisi, ninachita mantha. Ninati nijambule nikaonetse akulu. Koma munali mdima, malaiti anali atapita. Pa foni sipanaoneke kanthu. Ndiye ninakoka kaja kowalitsila, kenaka kena kaja kali pambali pake, mpaka zinayamba kuoneka. Sininadziwe kuti azakuchitani zija."

"Choyambacho chilipo?"

"Chilipo. Nimaopa kuchiona, nimaopanso kuchifuta."

"Mwana ali bwanji?"

"Akudya. Akamva mthuthuthu amathamangila kumsewu."

Ndinalumikiza foni yake ku laputopu ndi chingwe. Iye anatembenuza mpando n'kuyang'ana kukhoma.

Choyambililacho chinali chakuda pafupifupi chonse, koma zonse zinalimo. Ndinaika kadontho kumtunda kwa mzele kuti nsalu yoyela isapse, kenaka ndinagwila chakumunsi n'kuyamba kukweza pang'ono pang'ono. Ulusi wa nsalu unatuluka. Tsitsi linagawikana m'mizele imene anamuluka mnzake wa kutchalitchi Lachinayi lija asanadwale. Ndinatsegula pambali chithunzi chake china cha ali moyo kuti ndidziwe pamene khungu lake liyenela kuima, ndipo nditafika pamenepo ndinaleka. Mabala aja a kukhosi ndi kuphewa sanalinso mabala. Linali banga limodzi losalala, lofiilila, lopanda chotupa kapena chong'ambika, ndipo linathela pa mzele wowongoka pamene thupi linagonela pa chitsulo. Mayi wina wa mumpingo mwathu amene anapuma pa unamwino anali atandiuza kale kuti mtima ukaima magazi amatsikila kumene thupi lagonela. Ndinaona ndi maso zimene ananena.

Koma pamkono wamanja, pamwamba pa mfundo ya dzanja, panatsala timabanga tinayi tondandana, ndi kena kamodzi kambali ina. Timeneto sitinasungunuke. Ndinaika dzanja langa pagalasi la laputopu. Zala zinakwanila.

Ndinadziwa chimene alamu aakulu adzanena akadzaona zimenezo. Ndinadziwanso kuti timabangato tinali pamalo amodzi a mzele, pansi pang'ono pa khungu. Ndinaika kadontho pamenepo n'kukakweza pang'ono chabe, mwina utali wa njele ya mpunga. Timabanga tinalowa m'khungu. Mkono unakhala wosalala monga unalili pa tsiku la ukwati wathu. Palibe munthu ku Nyimba konse akanazindikila, ndipo mtsikana uja anali akuyang'anabe kukhoma. Ndinakhala ndikuuona mkono umenewo kwa nthawi yaitali ndithu.

Kenaka ndinachotsa kadonthoko, zala n'kubwelela. Sindinganame kuti chinali chilungamo chokha chimene chinandigwila dzanja. Pamenepo ndi pamene ndinamugwila komaliza ali moyo, ndipo ndinalephela kupafuta.

Amalume anayenda maulendo awili ku Nyimba asanavomele a kuchikazi kuti tikhale pansi. Tinafika Loweluka m'mawa. Mwana anali atamupititsa kwa anansi. Anatiyalila mphasa panja, koma padzuwa galasi la laputopu silioneka, motelo ndinapempha kuti tilowe m'nyumba. Pempho limeneli linavuta, chifukwa mkamwini ndi apongozi ake sakhala m'chipinda chimodzi maso ndi maso. Zaka zinayi za ukwati wathu ine ndi apongozi tinkapatsana moni chapatali, nditagwada, aliyense akuyang'ana kumbali, ndipo nkhani zonse zinkadzela mwa mkazi wanga. Mapeto ake iwo anakhala kuseli kwa chitseko, atatipatsa msana. M'chipindamo munali ankhoswe a kuchikazi, amalume, alamu aakulu, mlamu wamng'ono ndi azimayi atatu.

Ndinayamba ndi kupempha kuti ndijambule alamu aakulu.

"Ufuna unilodze na kamela yako?"

"Lekani akujambuleni," anatelo ankhoswe awo. "Nkhope imeneyo ngakhale mfiti ingaibweze."

Panali kuseka pang'ono, kwa mphuno. Ndinawajambula atakhala pafupi ndi zenela, n'kuika chithunzicho pa laputopu. Onse anavomela kuti ndi iwo. Ndinatsegula kabokosi kaja, n'kutsitsa kumunsi kwa mzele, kukweza kumtunda, kupitilila pamene munthu wanzelu amalekela. Mithunzi ya pansi pa maso awo inasanduka zotupa zakuda. Mlomo wam'munsi unaoneka wophulika. Kachipsela kakale ka pachipumi kanatseguka ngati ka lelo.

"Mayo ine!" anatelo mmodzi wa azimayi aja. "Anakuchayani ndani, atate?"

"Mbuzi zabwezela," anatelo wina, ndipo anaseka mpaka anadzigwila pakamwa.

Alamu sanaseke. Ndinawongola mzele, nkhope yawo n'kuchila pomwepo. Ndinapindanso, ndinawongolanso. Kenaka mlamu wamng'ono anafotokoza za mdima wa m'chipinda chija ndi zimene anakoka pa foni. Ndinapempha chikhululuko kwa onse chifukwa cha chimene ndinati ndiwaonetse, n'kuika zithunzi ziwili za mkazi wanga pamodzi, chimene chinayenda m'mafoni ndi choyambilila. Ndinakweza mzele iwo akuona, monga ndinachitila ku Petauke. Azimayi anayamba kulila chapansipansi. Ankhoswe awo anasendela pafupi, kuyang'anitsitsa banga la kukhosi lija, n'kugwedeza mutu.

Pakanathela pamenepo. Palibe anali ataona mkono, chifukwa maso onse anali pakhosi. Ndinaukulitsa mpaka unadzaza galasi lonse.

"Izi ni zala zanga," ndinatelo. "Anali kugwa pa mthuthuthu. Ninamugwila apa."

"Mwamvela!" Alamu anali ataimilila kale. "Wavomela na pakamwa pake!"

Ananyamula kampando kamtengo kamene anakhalapo. Ndinangokwanitsa kuchotsa dzanja. Kampandoko kanatela pa laputopu, galasi n'kumwazika pamphasa ponse. Kachiwili kanandipeza pamwamba pa diso. Kenaka anali pa ine, bondo lawo pa nthiti zomwe zija, manja onse awili pakhosi panga. Ndinamva fungo la utsi wa nyama m'malaya awo. Amalume ndi ankhoswe ankawakoka m'mapewa koma sanasunthe. Kuwala kwa pazenela kunayamba kuchepa m'mbali, monga chithunzi chimachitila ukatsitsa mzele wonse.

"Muleke."

Sanakuwe. Anali apongozi, ataimilila pakati pa chipinda, nkhope ili poyela. Manja aja anamasuka pang'ono.

"Nati muleke. Choka pa mwana wa anthu."

Alamu anadzuka. Ine ndinakhala tsonga ndikutsokomola, magazi akutsikila m'diso. Mwachizolowezi ndinatembenuzila nkhope kukhoma.

"Apongozi, niyang'aneni," anatelo iwo. Aka kanali koyamba kundilankhula popanda wapakati. "Tambasulani dzanja."

Ndinatambasula. Analiyang'ana, koma sanalikhudze.

"Mwana wanga ninamusambika ndine. Zala izo ninaziona na maso yanga, zinayi pamwamba, chachikulu pansi. Lelo ninakhala kuseli uko kudikila nimve ngati makina yanu yazazibisa." Anatembenukila kwa mwana wawo. "Iwe, atate ako ananimenya zaka zonse mpaka tsiku limene anagona osadzukanso. Unali kubisala kunkhokwe, wakumbuka? Chibakela nichidziwa, mbama niidziwa, mpini niudziwa. Womenya sasiya chala chachikulu kunsi kwa mkono. Uko ni kugwila munthu amene akukupulumuka."

"Nanga amama, munakhalilanji chete kumanda?" anafunsa mlamu wamng'ono akulila.

Apongozi anatembenukila kwa iye.

"Ninafuna wina amvele kuwawa. Na mwana uja ninamufuna. Akaseka ni amake."

Alamu aakulu anatuluka, ndipo tinamva njinga yawo ikugubuduka kupita kumsewu. Mpaka lelo sanapepese. Tikakumana pamalilo timapatsana moni wa pakamwa, manja ali m'matumba.

Azimayi anandisambitsa bala ndi madzi amchele n'kulimanga ndi kansalu. Ankhoswe a mbali zonse anagwilizana kuti mwana apite ndi ine, azibwela kwa ambuye ake, apongozi angawo, sukulu ikatsekela ndiponso nthawi yokolola. Apongozi anamulongela tizovala m'chitenje cha amayi ake, ndipo popeleka mtolowo anadzela mwa amalume, atayang'ananso kumbali monga kale. Ine ndinatola laputopu. Ndinadzapeza pambuyo pake kuti linafa ndi galasi lokha, zithunzi zonse za mkazi wanga zinatsala.

Atabwela naye mwana, sanandithamangile. Anaima kumbuyo kwa mwendo wa mlamu wamng'ono, akuyang'ana kansalu ka pamutu panga ndi pakamwa panga. Ndinagwada n'kumuitana ndi dzina limene amayi ake ankamuitanila. Anabwela pang'onopang'ono, n'kulowetsa chala pamene panali dzino.

"Linapita kuti?"

"Linagwa."

"Lizamela?"

"Iyai. La akulu silimela."

Tinakwela minibasi ya ku Petauke masana. Munali modzaza, ndipo ndinamukhazika pamiyendo panga, amalume ali pambali atafungata laputopu yosweka. Pamalo ena okhota galimoto inapendekela kumanja, matumba a makala n'kukhulukila pamwamba pa denga. Tinayenda ndithu kamtunda kuchoka pamenepo mwana asanatembenuke kundiyang'ana.

"Atate, mukunipweteka."

Ndinaona kuti ndamugwila pamkono. Ndinamasula zala chimodzichimodzi, n'kuyang'ana pakhungu pake. Panalibe kanthu. Ndinamuuza kuti agwile yekha malaya anga, ndipo anawagwila mpaka tinatsika.